Ntchito ya Masabata Awiri Awiri

Mukagulitsa mtedza kapena soya pa msika wa Nsaru, nthawi zina ndalama zimabwera pa foni, pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Chimene chimayendetsa ndalamazo ndi pulogalamu ya pa kompyuta. Mapulogalamu otere amalembedwa ndi anthu, ndipo anthuwo ali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito.

Kale olemba mapulogalamu ankayamba ndi kulemba dongosolo lonse papepala. Akatero ankadzitsekera chaka kapena zaka ziwiri osaonetsa mwini ntchito. Tsiku loonetsa likafika, mwini ntchito ankadandaula kuti si zimene ankafuna. Apo n'kuti ndalama zitatha.

Mu February 2001, akatswiri 17 anakumana ku Snowbird, m'chigawo cha Utah ku America. Anagwirizana mfundo za njira ina yotchedwa Agile. Mtima wa njirayi ndi uwu: panga kachigawo kakang'ono kogwira ntchito, onetsa mwini wake msanga, imva maganizo ake, konza. Mayi wophika ndiwo sadikira kuti alendo ayambe kudya. Amalawa mchere poto akadali pamoto.

Magulu ambiri amatere. Mwini ntchito amalemba zonse zofunika, zofulumira pamwamba. Gulu limatengapo zokhazo zimene lingamalize m'masabata awiri. Nthawi imeneyi amaitcha sprint. Pakhoma pamakhala bolodi la mizere itatu: zoti tichite, zimene tikuchita, zimene zatha. Ntchito iliyonse ili pa kapepala kake, ndipo kapepalako kamasuntha ntchito ikamayenda.

M'mawa uliwonse amakumana mphindi 15 zokha, ali chiimire. Kuimirirako n'kwadala, chifukwa munthu akakhala pampando nkhani imatalika. Aliyense amanena zimene anachita dzulo, zimene achite lero, ndi chimene chikumutsekereza. Masabata awiri akatha amaonetsa mwini ntchito zimene apanga, kenako amakhala pansi okhaokha kufunsana pamene panavuta.

Kuyamba ndi kachigawo kochepa si nkhani ya kunja kokha. Mu 2001 gulu la Baobab linayamba kuika makompyuta ongodina pagalasi pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Linayamba ndi kulembetsa odwala. Zina, monga kaundula wa olandira ma ARV, zinabwera pambuyo pake.

Njirayi siyenera ntchito iliyonse. Maziko a nyumba simungawasinthe masabata awiri alionse. Amafuna kuyeza bwino kamodzi kokha. Koma komiti ya sukulu youmba njerwa, kapena kalabu ya alimi a fodya, ingathe kubwerekapo bolodi lija ndi msonkhano woimirira. Mizere itatuyo ingajambulidwe ndi choko kapena khala pakhoma la kalasi, ndipo mlembi wa komiti ndiye azisuntha timapepalato.