Ulendo wa ku Meiningen, kwawo kwa zisudzo

Amene mukukonzeka kupita ku Germany ndipo mtima wanu uli pa zisudzo, patulani masiku awiri mukafike ku Meiningen. Ndi katauni ka anthu pafupifupi 25,000 m'chigwa cha mtsinje wa Werra, kumwera kwa chigawo cha Thüringen. Pamapu n'kosavuta kukaphonya, koma kachitidwe ka zisudzo kamene timakaona lero, komwe munthu mmodzi amawongolera sewero lonse, kanakhwimira kumeneko.

Mukatera pa bwalo la ndege la Frankfurt, siteshoni ya sitima ili pomwepo. Kwerani sitima yothamanga ya ICE yopita ku Eisenach. Nthawi zina mudzafunika kusintha pa siteshoni yaikulu ya mumzinda wa Frankfurt. Ku Eisenach tsikani, mukwere kasitima ka Süd-Thüringen-Bahn kamene kamatsata Werra kudzera ku Bad Salzungen ndi Wasungen, ulendo wa ola limodzi. Ulendo wonse muwerengere maola atatu kapena anayi. Iliponso njira ya ku Würzburg ndi Schweinfurt, koma ine ndimakonda ya ku Eisenach chifukwa cha mtsinjewo. Tikiti ya ICE gulani kukadali masiku pa app ya pafoni ya DB Navigator, imatsika mtengo. Chenjezo limodzi: tikiti ya mwezi ya Deutschlandticket imagwira pa masitima ang'onoang'ono okha, pa ICE ayi.

Mukatsika ku Meiningen musavutike ndi takisi. Tsidya la msewu pali munda wa Englischer Garten. Dutsani momwemo wapansi. M'mundamo muli chipilala cha mu 1899 chokumbukira wopeka nyimbo Johannes Brahms, ndipo mukatulukira pa msewu wa Bernhardstraße mudzaona nyumba ya nsanamira zazitali kutsogolo. Imeneyo ndiyo Staatstheater Meiningen.

Nyumba mukuionayo ndi yachiwiri. Yoyamba inatsegulidwa pa 17 Disembala 1831 ndi opera ya Auber yotchedwa Fra Diavolo, ndipo inapsa pa 5 Malichi 1908. Mfumu ya dera limeneli, Georg II, inali itakalamba kale, koma siinazengereze: womanga Karl Behlert anaimika ina, n'kuitsegula pa 17 Disembala 1909, tsiku lomwelo la kutsegulidwa kwa yoyamba ija.

Apa mverani langizo langa lalikulu. Musafike madzulo, n'kuthamangira kukakhala pampando, m'mawa n'kunyamuka. Fikani dzuwa likanali, muyambe mwapita ku myuziyamu ya zisudzo imene ili pafupi ndi nyumba yachifumu ya Elisabethenburg, m'nyumba momwe kale ankaphunzitsiramo kukwera akavalo. Mmenemo apachika nsalu zikuluzikulu zojambulidwa nkhalango, misewu ndi nyumba, zimene gulu la zisudzo la mfumuyo linkayenda nazo pa sitima. Mukaziona nsaluzo ndi pomwe mudzamvetse kuti Georg II anali munthu wotani. Atalowa ufumu mu 1866 anathetsa gulu la opera kuti ndalama ndi mphamvu zipite ku masewero olankhula. Ankajambula yekha zovala ndi maonekedwe a bwalo. Ankafuna kuti chovala, lupanga ngakhale mpando zifanane ndi za nthawi imene nkhaniyo inachitika. Ndipo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi ichi: kwa iye munthu woima m'khamu kumbuyo anali wofunika ngati wotenga mbali yaikulu. Katswiri wa lero mawa ankatha kuikidwa m'gulu la anthu wamba ofuula pamsika, ndipo gululo linkakonzekera masabata ambiri mpaka lioneke ngati anthu enieni. Amene munachitapo sewero kusukulu mukudziwa mmene anthu oima kumbuyo amaliphera sewero akamangoyang'ana kudenga.

Mothandizidwa ndi mkazi wa Georg II, Ellen Franz, ndi Ludwig Chronegk, gulu la mfumuli linayenda kuyambira 1874 mpaka 1890, m'mizinda 38, kuphatikizapo Berlin, London ndi Moscow. Ku Moscow linaonedwa ndi Konstantin Stanislavski, amene mabuku ake amaphunzitsidwabe kwa ochita zisudzo.

Nyimbo nazo sizinazime. Hans von Bülow anatsogolera oimba a mfumu kuyambira 1880, ndipo pa 25 Okutobala 1885 Brahms anatsogolera yekha simfone yake yachinayi kuno, kumveka kwake koyamba padziko. Richard Strauss ali mnyamata anaphunzira ntchito pano. Max Reger anabwera mu 1911. Chaposachedwapa, Kirill Petrenko, amene lero amatsogolera gulu la oimba la Berliner Philharmoniker, anatchukira pano mu 2001 ndi ma opera anayi a Ring ya Wagner, madzulo anayi otsatizana.

Mipando ndi yopitirira pang'ono 700, choncho tikiti gulirani pa intaneti musananyamuke. Pewani kumapeto kwa Julayi ndi Ogasiti, ochita zisudzo amakhala pa tchuthi. Ngati Chijeremani simuchimva, sankhani opera, kuvina kapena konsati. Valani mwaulemu, jasi musiye pamalo osungira zovala, ndipo musachedwe, chifukwa zitseko zikatsekedwa mungadikire kunja mpaka nthawi yopuma. Myuziyamu zambiri ku Germany sizitsegula Lolemba, masitolo satsegula Lamlungu.

Mugone m'tauni momwemo, popeza sewero likamatha masitima amakhala atachepa. Musanalowe m'bwalo idyani Hütes, timibulu ta mbatatesi tomwe amaperekera nyama yootcha ndi msuzi. Timakhutitsa ngati nsima, moti opera ya maola atatu mudzaimaliza njala isanakupezeni.