Thanthwe Lamizere la ku Ntcheu

Tiyambe ndi kalata ya mayi a ku Dedza. Akuti apeza tinthu tonyezimira ngati golide mumchenga wa kumtsinje. Pepani mayi, imeneyo ndi mica. Ikandeni ndi chikhadabo, muona ikusendeka ngati mamba a nsomba. Golide sasendeka, ndipo amalemera.

Mnyamata wa ku Phalombe akufunsa ngati Mulanje ndilo phiri lakale kuposa onse. Ayi mphwanga, Mulanje ndi mwana. Mwala wake unauma pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo.

Koma kalata ya bambo a ku Ntcheu yandigwira mtima. Akuti thanthwe la kuseri kwa nyumba yawo lili ndi mizere yoyera ndi yakuda, yokhotakhota ngati chitenje chokwinyika. Anaikhotetsa ndani? Bambo, mwalawo timautcha gneiss, ndipo inu mwamanga pa tsinde la mapiri amene anatha kalekale. Zaka pafupifupi 600 miliyoni zapitazo zigawo za dziko zinagundana n'kupanga chigawo chimodzi chachikulu chotchedwa Gondwana. Pogundanapo panatukuka mapiri onga Himalaya, kuyambira ku Mozambique mpaka ku Ethiopia, amene akatswiri amati Mozambique Belt. Miyala yokwiririka makilomita ambirimbiri pansi pake inapsa osasungunuka, monga njerwa mu uvuni, uku ikufinyidwa mpaka kupindika. Mvula ndi mitsinje zinadya mapiriwo pang'onopang'ono, za pansi n'kubwera poyera. Marble ya ku Changalume imene tinkapangira simenti inapsa momwemo. Chimodzimodzi graphite wa ku Malingunde, ndi ruby wa ku Chimwadzulu, kwanu komweko.

Ndangotchula ruby, ndikudziwa ena mwatenga kale khasu. Abale anga, ndimanena sabata iliyonse: timiyala tofiira tambiri ta mu gneiss ndi garnet, mtengo wake ndi wochepa. Chaka china ndinafika pamudzi wina n'kupeza anyamata atatu ali m'dzenje lakuya kuposa nyumba, dzinja lili pakati, popanda ngakhale mtengo wochirikiza. Ndinawaonetsa mizere ya m'khoma la dzenjelo, yopendekera kwa iwo. Mizere imeneyi ndiyo njira ya madzi. Thanthwe lovunda likanyowa limatsetserekera momwemo, ndipo silichenjeza. Mukapeza kamwala, pitani nako ku Geological Survey ku Zomba akakaone musanakumbe. Ndipo ana asalowe m'maenje amenewa, chonde.