Phunziro: Kodi Pikapu Yakale ya Gulu Tiiike Turbo?

Cholinga

Pakutha pa phunziroli, alimi athe kuyeza injini ya pikapu yawo asanawononge ndalama za gulu pogula turbo.

Mawu oyamba

Magulu ena kuno ku Mulanje ali ndi pikapu zakale za dizilo, monga Toyota Hilux ya injini ya 2L kapena 3L, zonyamulira nanazi, nthochi ndi tomato kupita ku Limbe. Galimoto ikadzaza imafooka pa zitunda, kaya mwadzera ku Thyolo kapena msewu wa Midima. Limbe ali pamwamba kuposa boma la Mulanje, ndipo kumtunda mpweya umapepuka, injini n'kuchepa mphamvu. Apa ndi pomwe ena amati, "Ikani turbo."

Turbo ndi kachipangizo kozunguzidwa ndi utsi wa ku ekizozi. Imakankhira mpweya wambiri mu injini kuti iwotche dizilo wambiri. Mphamvu imachulukadi, koma kutentha nakonso kumachuluka. Walira mvula walira matope. Injini ya 3L inapangidwa yopanda turbo, ndipo ngakhale 2L-T, yomwe inabwera ndi turbo kuchokera ku fakitale, imadziwika ndi kung'aluka hedi ikatenthedwa kwambiri.

Turbo sichiritsa injini yotopa. Kuiika pa injini yotere kuli ngati kuthira feteleza wobereketsa pa chimanga chodyedwa mizu ndi chiswe. Choncho tichite monga timachitira m'munda wophunzirira: tiyambe taona, tikambirane, kenako tigamule.

Ndondomeko yoyezera injini

1. Onani utsi. Wabuluu ukusonyeza kuti injini ikuwotcha oyilo. Wakuda ndiye kuti dizilo wachuluka kapena mpweya wachepa. Woyera wosatha injini itatentha ungatanthauze kuti madzi akulowa m'masilinda.

2. Injini ikulira pang'onopang'ono, tsegulani chotsekera cha pothirira oyilo. Pakamatuluka utsi wambiri mopemerera, maring'i a mapisitoni atha.

3. Pemphani makaniko ayeze kompuresheni ya silinda iliyonse ndi geji. Pa injini za 2L ndi 3L, yabwino imakhala cha pa 32 kg/cm². Isatsike pansi pa 20, ndipo masilinda asasiyane kuposa 5. Mlembi wa gulu alembe manambalawa. Injini yomwe ili pafupi ndi 20 ikufunika kukonzedwa, osati turbo.

4. Yang'anani rediyeta, mapaipi a madzi, pampu ya madzi ndi fani. Ngati muvi wa kutentha umakwera kale pa chitunda, turbo idzapsereza gasiketi.

5. Yezetsani mphamvu ya oyilo. Turbo imazungulira kupitirira ka 100,000 pa mphindi, ndipo oyilo akachepa kapena akada imafa msanga.

6. Yezetsani manozo ndi pampu ya dizilo. Sinthani zosefera mpweya ndi dizilo. Lamba wa taiming'i pa injinizi amasinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse; akaduka, mavavu amagundana ndi mapisitoni.

Mukatha izi, kwezaninso chitunda chomwe chija ndi katundu yemweyo. Nthawi zambiri mphamvu yomwe mumaisowa imabwerera popanda turbo.

Ngati injini yapambana mayeso onse

Uzani makaniko kuti mphamvu ya turbo ikhale yochepa, cha pa 0.5 bar. Asatsegule dizilo mopyola muyeso. Utsi wakuda ndi chizindikiro cha moto wochuluka womwe umasungunula mapisitoni. Ikani geji yoonetsa kutentha kwa utsi. Sinthani oyilo pa makilomita 5,000 aliwonse. Dalaivala akafika pa ulendo, asiye injini ilire mphindi ziwiri asanazimitse kuti turbo izizire.

Kumbukirani kuti turbo siwonjezera mabuleki, masipuling'i kapena matayala. Katundu wololedwa ndi malamulo a pamsewu amakhala yemwe uja.

Ntchito ya m'magulu

Khalani m'magulu a anthu asanu. Zungulirani galimoto, chitani mfundo 1, 2 ndi 4, ndipo jambulani zomwe mwaona pa pepala lalikulu. Musatsegule rediyeta injini ili yotentha. Kenako kambiranani:

a. Galimoto itafa mu Disembala, nanazi atapsa, gulu lingataye madengu angati pa sabata imodzi?

b. Chotchipa n'chiti: turbo, kukonza injini, kapena kuchepetsa katundu n'kuyenda maulendo awiri?

c. Kodi m'thumba la gulu muli ndalama zogulira injini ina zinthu zitalakwika?

Gulu lililonse lifotokoze maganizo ake, ndipo chomwe mwagwirizana chilembedwe m'buku. Msungichuma asatulutse ndalama manambala a kompuresheni asanawerengedwe pamaso pa onse.