PHUNZIRO 6: NYUMBA IKAGWETSEDWA, ZIPANGIZO ZAKE ZIMAPITA KUTI?

Cholinga

Kumvetsa momwe mizinda ina ikugwiritsira ntchito makompyuta ndi intaneti pofuna kupulumutsa zipangizo za nyumba zogwetsedwa.

Mau oyamba

M'maiko a European Union, gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a zinyalala zonse limachokera ku ntchito yomanga ndi kugwetsa nyumba. Muluwu muli njerwa, matabwa, zitsulo ndi magalasi zomwe zikadali zolimba. Nanga zimatayidwiranji? Chimodzi mwa zifukwa n'chakuti wogwetsa sadziwa zomwe zili m'nyumbamo, ndipo womanga sadziwa komwe angazipeze. Chinthu chosalembedwa sichichedwa kupita kumtaya.

1. Chiphaso cha nyumba

M'chaka cha 2013, katswiri wojambula mapulani Thomas Rau anakonza maofesi a khonsolo ya tauni ya Brummen ku Netherlands m'njira yoti angathe kuphwasulidwa popanda kuononga zipangizo. Zipangizozo zinalembedwa m'kaundula. M'chaka cha 2017 kunakhazikitsidwa kaundula wa pa intaneti wotchedwa Madaster. Mwini nyumba amalembetsamo mtundu wa chipangizo chilichonse, kuchuluka kwake ndi pamene chili. Ichi ndicho chiphaso cha nyumba. Tsiku logwetsa likafika, zogulitsa zimakhala zodziwika kale.

2. Msika wa pa intaneti

Ku Brussels, m'dziko la Belgium, kuli bungwe la Rotor DC. Antchito ake amalowa m'nyumba isanagwetsedwe, nachotsa mosamala zitseko, matailosi ndi nyale. Akazitsuka amazijambula, nalemba miyeso ndi mtengo wake pa intaneti. Motero mmisiri amaona katunduyo ali kwao.

3. Kumanga moganizira mawa

Kompyuta payokha singamasule zomwe zinamatidwa ndi simenti. Ndicho chifukwa chake likulu la Triodos Bank ku Netherlands, lomwe linatha mu 2019, linamangidwa ndi matabwa olumikizidwa ndi misomali yochita kupotokola yokwana 165,312. Nyumba yotere ingathe kumasulidwa ndi kukamangidwanso kwina. Nawo mzinda wa Amsterdam unadziikira malire: kuchepetsa ndi theka zipangizo zatsopano pofika 2030, ndi kumagwiritsanso ntchito zipangizo zonse pofika 2050.

4. Zikutikhudza bwanji?

Kuno kwathu kuotcha njerwa kwatha mitengo yambiri, kotero kuti mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda. Njerwa iliyonse yopulumutsidwa ndi nkhuni zopulumutsidwa. Kope ndi foni yojambulira n'zokwanira poyambira. Koma tisamale: malata ena akale otuwa, onga simenti, ali ndi asbestos, ndipo fumbi lake limayambitsa matenda oopsa a m'mapapo. Otere tisawaswe kapena kuwagwiritsanso ntchito.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi nyumba yomwe inagwetsedwa posachedwa m'dera lathu, zipangizo zake zinapita kuti?
2. Katundu wa gulu akapanda kulembedwa, amapindula ndani?
3. Tingapemphe chiyani kwa khansala wathu pa nkhaniyi?

Zoti tichite

Sankhani anthu atatu. Iwo ayendere sukulu kapena holo yomwe ikufuna kukonzedwa, awerenge malata, zitseko ndi mafelemu, azijambule ndi kuzilemba m'kope. Kaundulayo awerengedwe pamaso pa onse ntchito isanayambe.