Lamulo la Ntchito Likasintha, Abwana Ayenera Kusintha Nalo

Aliyense amene amalipira munthu kuti azimugwirira ntchito ndi wolemba ntchito pamaso pa lamulo. Si makampani a ku Kanengo ndi ku Makata okha, kapena maesiteti a tiyi a ku Thyolo ndi ku Mulanje. Mwini chigayo, mwini sukulu ya mkaka, mpingo wokhala ndi mlonda, banja lokhala ndi wantchito wapakhomo, onsewa lamulo la Employment Act la chaka cha 2000 limawakhudza. Lamuloli lasinthidwa kangapo, makamaka mu 2010 ndi mu 2021, koma abwana ambiri akuyendabe ndi lamulo lomwe analidziwa pamene ankayamba bizinesi yawo. Ena amatero mosadziwa, ena mwadala. Khoti silisiyanitsa awiriwa pa nkhani yobweza ndalama za wantchito.

Mfundo yoyamba kuigwira ndi iyi: kalata imene munasainirana polowa ntchito singafufute ufulu umene lamulo lapereka pambuyo pake. Lamulo limaika malire apansi. Mgwirizano wa ntchito ungapereke zoposa pamenepo, koma ukapereka zochepera, chimene chimagwira ntchito ndi lamulo, ngakhale wantchitoyo adasaina ndi dzanja lake. Mawu akuti "unavomera wekha" sateteza bwana.

Malipiro otsikitsitsa

Apa ndi pamene kusintha kumabwera pafupipafupi. Nduna ya Zantchito ndiyo imalengeza malipiro otsikitsitsa, ikakambirana ndi mabungwe a olemba ntchito monga ECAM ndi a ogwira ntchito monga MCTU. Mu 2021 malipirowa anali K50,000 pamwezi, mu Febuluwale 2024 anafika pa K90,000, ndipo mu 2025 anakwezedwanso kufika pa K126,000. Antchito apakhomo ali ndi mlingo wawowawo, wotsikirapo. Ofesi ya zantchito ya m'boma lanu imakhala ndi chiwerengero chomwe chikugwira ntchito pa nthawiyo, ndipo kufunsa n'kwaulere.

Mlingo watsopano ukayamba, bwana ayenera kukweza malipiro kuyambira tsiku lomwe lalengezedwalo, osadikira kuti wantchito apemphe. Akachedwa miyezi 4, ndalama zotsalira za miyezi 4 imeneyo ndi ngongole yake. Malipiro akakwera, ovataimu nayo imakwera, chifukwa imawerengedwa kuchokera pa malipiro a pa ola: ola limodzi ndi theka pa ola lililonse lopyola nthawi pa tsiku wamba la ntchito, kuwirikiza kawiri pa tsiku lopuma kapena pa holide ya boma. Maola a ntchito pa sabata sayenera kupyola 48, osawerengera ovataimu. Alonda ambiri amagwira maola 12 usiku uliwonse osaonapo ndalama ya ovataimu, pomwe malire a pa sabatawa amawakhudza iwonso.

Penshoni ndi severance

Pano m'pamene pali chisokonezo chachikulu, ndipo n'koyenera kufatsirira. Chaka cha 2010 chisanafike, ndalama ya severance inkaperekedwa pa zifukwa zambiri zothetsera ntchito, moti olemba ntchito ankadandaula kuti akulipira kawiri: penshoni komanso severance. Nyumba ya Malamulo inasintha Employment Act mu 2010, kenako inakhazikitsa lamulo la penshoni mu 2011. Kuyambira pamenepo zinthu ziwirizi zinalekanitsidwa.

Penshoni inakhala yokakamiza. Bwana ayenera kulowetsa wantchito wake m'thumba la penshoni lovomerezeka ndi kumuikira ndalama zosachepera 10 pa 100 iliyonse ya malipiro ake, pomwe wantchitoyo amadulidwa zosachepera 5 pa 100 iliyonse. Munthu wolandira K200,000 amadulidwa K10,000, bwana amaonjezera K20,000 ya m'thumba mwake, ndipo K30,000 yonseyo iyenera kufika ku thumba la penshoni pasanathe masiku 14 mwezi utatha. Bwana ayeneranso kumugulira wantchito inshuwalansi ya moyo, yoti akamwalira ali pantchito banja lake lilandire ndalama zosachepera malipiro ake a chaka chimodzi. Ili ndi gawo limene mabanja ambiri ofedwa salidziwa, ndipo amabwerera kumudzi ndi bokosi ndi galimoto yonyamula maliro basi, osadziwa kuti pali ndalama ina yoti afunse.

Mu 2023 lamulo la penshoni la 2011 linalowedwa m'malo ndi latsopano. Wopuma pantchito tsopano angathe kutenga theka la ndalama zake nthawi imodzi, pomwe kale zinali 40 pa 100 iliyonse, ndipo wochotsedwa ntchito amadikira miyezi 3 m'malo mwa 6 asanapemphe gawo lomwe lamulo limamulola. Udindo wa bwana wotumiza ndalama sunachepe ayi. Chimene chimandiwawa kwambiri pa nkhaniyi ndi bwana amene amadula 5 pa 100 mwezi ndi mwezi, n'kuzilemba bwinobwino pa chikalata cha malipiro, koma osazitumiza. Uku si kuchedwa chabe. Ndalamazo ndi za wantchito, ndipo iye amadzazindikira atakalamba, pamene alibenso mphamvu zoyambira kwina. Wantchito aliyense azifunsa sitetimenti ya penshoni yake ku kampani yosunga thumbalo, kamodzi pachaka ngakhale kupitirira apo. Akapeza kuti ndalama sizikufika, dandaulo lake likaperekedwe kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, amene ali ndi mphamvu yolanga olemba ntchito otere.

Severance inatsalira pa zifukwa zochepa: pamene bwana akuchepetsa antchito chifukwa cha mavuto a zachuma kapena kusintha kwa kayendetsedwe ka ntchito, komanso pamene munthu wachotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha mwa kufuna kwake, kapena wochotsedwa moyenera chifukwa cholakwira malamulo a pantchito, salandira. Kawerengedwe kake n'kokwera pang'onopang'ono: malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyamba, masabata 3 pa chaka chilichonse kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata 4 pa chaka chilichonse kuyambira chaka cha 11. Munthu amene wagwira zaka 12 zathunthu amalandira masabata 10, kuonjezera 15, kuonjezera 8, onse pamodzi malipiro a masabata 33. Bwana sangauze munthu wotere kuti "penshoni yako ndiye severance yako". Ndi ndalama ziwiri zosiyana, ndipo zonse ziyenera kuperekedwa.

Antchito amene lamulo lawapatula pa penshoni yokakamiza sanasiyidwe chimanjamanja. Ntchito yawo ikatha, bwana amawapatsa gratuity yowerengedwa malinga ndi miyezi imene agwira.

Zomwe zinabwera mu 2021

Kusintha kwakukulu kwa chaka chimenechi kunali kuthetsa utenanti. Kwa zaka zambiri m'maesiteti a fodya a ku Kasungu, Mchinji, Mzimba ndi Rumphi, banja linkabwera kuchokera kutali, mwini esiteti n'kulipatsa malo, chimanga ndi feteleza pangongole. Fodya akauma, mwini esitetiyo ndiye ankamugula pamtengo womwe wanena yekha, atadula ngongole zonse. Matenanti ambiri ankamaliza chaka ali ndi ngongole m'malo mwa phindu, opanda ngakhale ya basi yobwerera kwawo, ndipo ana ankalowa m'munda kuti ntchito ithe msanga. Mu Novembala 2019 dziko la America linayamba kugwira fodya wa ku Malawi pamadoko ake pokayikira kuti amalimidwa mwa njira yokakamiza anthu ndi kugwiritsa ntchito ana. Mu 2021 lamulo linaika utenanti m'gulu limodzi ndi ntchito yokakamiza, ndipo wopezeka akuuchita akhoza kulipitsidwa chindapusa ndi kupita kundende. Tanthauzo lake kwa mwini esiteti n'lakuti munthu wolima fodya wake ndi wantchito, woyenera malipiro a nthawi ndi nthawi osachepera mlingo wa boma. Kusintha dzina lokha, n'kumutcha munthuyo "mnzanga wa pa ulimi" pomwe akudikirabe malipiro mpaka msika wa fodya utatsegulidwa, sikukwaniritsa lamulo.

Chaka chomwecho abambo anapatsidwa tchuthi cha masabata osachepera 2, ndi malipiro onse, mwana akabadwa, kamodzi pa zaka 3. Tchuthi cha amayi chinalipo kale: masabata osachepera 8 ndi malipiro onse, pa zaka 3 zilizonse. Chomwe chinaonjezedwa n'chakuti mayi woyamwitsa azipatsidwa theka la ola kawiri pa tsiku kuti ayamwitse, kwa miyezi yosachepera 6 mwana atabadwa, popanda kumudula malipiro. Kuchotsa mayi ntchito chifukwa choti ndi woyembekezera ndi mlandu.

Lamulo la Labour Relations Act la 1996 nalo linakhudzidwa, ndipo apa kusinthako kunakomera olemba ntchito. Wantchito amene ali pa sitalaka amalipidwa masiku osapyola 3 pa chaka, ndipo masiku opitirira apo bwana angadule. Mabungwe a ogwira ntchito anatsutsa kwambiri, koma lamulolo linadutsa. Abwana azindikire kuti chimene anapatsidwa ndi mphamvu yodula malipiro a masikuwo. Sanapatsidwe mphamvu yochotsa munthu chifukwa cholowa nawo sitalaka yotsata ndondomeko.

Kuchotsa munthu ntchito

Gawo ili silinasinthe, koma ndi limene limagwetsa abwana ambiri kukhoti. Ndime 57 ya Employment Act imafuna zinthu ziwiri. Pakhale chifukwa chomveka, chokhudza khalidwe la wantchito, luso lake, kapena zofunika pa kayendetsedwe ka ntchito. Ndipo ngati chifukwacho ndi khalidwe kapena luso, munthuyo apatsidwe mpata woyankhapo asanachotsedwe. Ngakhale wagwidwa ndi katundu m'manja, amuuze mlandu wake ndi kumumva. Kukhoti, udindo wosonyeza chifukwa uli pa bwana. Akalephera kupereka chifukwa, lamulo limatenga kuti munthuyo anachotsedwa mopanda chilungamo.

N'chifukwa chake mapepala ndi ofunika kwa mbali zonse. Lamulo limafuna kuti wantchito apatsidwe chikalata chofotokoza ntchito yake, malipiro, maola ndi tchuthi pasanathe mwezi umodzi atayamba, komanso chikalata cha malipiro nthawi iliyonse akalandira. Bwana amene amapereka ndalama pamanja popanda kusainitsa amadzavutika yekha kusonyeza kuti analipira. Winanso amene amadzinamiza ndi wosainitsa munthu kontilakiti ya miyezi 3 mobwerezabwereza pa ntchito yosatha, pofuna kuzemba udindo. Lamulo limatenga munthu wotere ngati wantchito wokhazikika.

Wolandira pamwezi amayenera notisi ya mwezi umodzi, kapena malipiro a mwezi m'malo mwake, pokhapokha ngati wapalamula chachikulu. Malipiro otsalira ndi ndalama za masiku a tchuthi omwe sanapite ziperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa wogwira masiku 6 pa sabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku 5.

Kokadandaula

Wochotsedwa mopanda chilungamo apite ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake pasanathe miyezi 3 kuchokera tsiku lomwe wachotsedwa. Ambiri amataya nthawi imeneyi podikira malonjezo a "bwera mawa". Atenge kalata yolembedwera ntchito, zikalata za malipiro, kalata yomuchotsa ngati ilipo, ngakhale mauthenga a pafoni omwe bwana anamutumizira. Mkulu wa zantchito amaitana mbali zonse ziwiri kuti aziyanjanitse. Nkhani ikakanika kutha pa mwezi umodzi, imapita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya ntchito lomwe lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo munthu angathe kudziyankhulira yekha kumeneko popanda loya.

Khotili lingalamule kuti munthu abwezeredwe pantchito, apatsidwe ntchito ina yofanana nayo, kapena alandire chipepeso. Chipepesocho sichichepera malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa wogwira zaka zosapyola 5, ndipo chimakwera mpaka malipiro a mwezi pa chaka chilichonse kwa wogwira zaka zoposa 15, kupatula severance. Mbali yomwe sinakhutire ndi mmene lamulo lamasuliridwira ili ndi masiku 30 opangira apilo ku High Court.