Bokosi la maliro si chipukutamisozi

Azakhali, amuna anga ankagwira ntchito ya zomangamanga pa kampani ina kuno ku Lilongwe. Anagwa kuchokera pamwamba pa nyumba yosanja, anagonekedwa m'chipatala, ndipo patatha masabata atatu anatisiya. Abwana awo anagula bokosi, anapereka galimoto ndi ufa, kenaka anapatsa alamu anga K400,000 ya chipepeso, iwo n'kusaina kapepala. Tsopano akuti malemu anafa ndi matenda, komanso kuti sanamange lamba wachitetezo. Ankalandira K150,000 pamwezi ndipo andisiyira ana atatu. Apongozi akuti ndisachititse banja manyazi poti abwanawo anatichitira zabwino. Kodi ndingokhala chete?

Mayi wamasiye, Lilongwe

Mayi, mawu oti pepani mwamva ambiri pasiwa, choncho ine ndiyambira pa kapepala kamene mwangokatchula modutsa. Alamu anu anasaina ngati ndani? Kodi ndiwo amene ankadya malipiro a malemu mwezi ndi mwezi? Munakawerenga kapepalako, kapena munangomva kuti zatha? Ndipo K400,000 ija inafika m'manja mwanu yonse? Mwakhala chete pa mfundoyi, ndipo kukhala chete kwanuko kwandiuza zambiri. Pitani mukapemphe kope lake lero lomwe. Siginecha ya munthu amene sankadalira malemu singakulandeni inu ndi ana anu zimene lamulo linakupatsani.

Apongozi anu asokoneza zinthu ziwiri. Bokosi, ufa ndi galimoto ndi umunthu, ndipo pa zimenezo abwanawo muwathokoze. Chipukutamisozi ndi ngongole. Lamulo la Workers' Compensation Act la chaka cha 2000 limati wantchito akamwalira chifukwa chovulala pantchito, anthu amene ankamudalira kotheratu alandire malipiro ake a miyezi 42. Pa K150,000, ndalamayo ndi K6,300,000. Yerekezani nokha ndi envulopu imene analandira alamu anu. Palinso lamulo la penshoni limene limalamula olemba ntchito kulipirira antchito awo inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi, ndiye mufunsenso za imeneyo pamodzi ndi penshoni ya malemu. Mukatero mudzamvetsa chifukwa chake galimoto inafika msanga chonchija.

Akuti anafa ndi matenda. Koma lamulo silinena kuti munthu afere pomwe wagwera. Funso ndi lakuti, kodi imfayo inachokera ku kuvulala kuja? Woyankha funsoli ndi dokotala, osati bwana kapena kapitawo. Ngati munthu anapita kuntchito wathanzi, nagwa, nagonekedwa, osadzukanso, buku lake la kuchipatala, lipoti la dokotala ndi chiphaso cha imfa ndizo mboni zanu zazikulu. Zisungeni nokha, musazipereke kwa wina aliyense wa kuchimuna, ndipo lembani mayina a anzawo amene anaona ngoziyo asanasamukire kumalo ena a ntchito, paja omanga nyumba sakhalitsa pamodzi. Za lamba nazo zisakuopseni. Chipukutamisozi cha mtundu uwu sichidikira kuti mutsimikize kuti bwana ndiye analakwa, chachikulu n'chakuti ngozi inachitika munthu ali pantchito. Ndipotu lamulo la chitetezo pamalo a ntchito la 1997 limaika udindo wopereka zipangizo zodzitetezera pa olemba ntchito. Lambayo analipo? Anamupereka ndani, liti? Abwana amene akutchula za lamba akonzekere kuyankha mafunso amenewo.

Tsono za manyazi. Ndatopa nawo apongozi ndi alamu amene amateteza ulemu wa banja ndi mimba za ana a eni. Iwo akamaliza kutamanda bwana wachifundo amabwerera kwawo, inu n'kutsala ndi lendi, fizi ndi mphika wopanda ndiwo. Mwina akuopa kuti anthu anena kuti mukugulitsa mtembo wa mwamuna wanu. Ayi, palibe akugula moyo pano. Ndalamayi ikulowa m'malo mwa malipiro amene ana aja akanadya bambo awo akanakhala moyo. Ngati apongoziwo nawonso ankathandizidwa ndi malemu, akanene ku ofesi ya zantchito kuti awerengedwe ngati odalira, osati kukutsekani pakamwa. Ndipo aliyense wofuna kugwira chuma cha malemu adziwe kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu.

Musadikire kuti mwambo wosudzula uthe kaye, chifukwa dandaulo lotere limayenera kuperekedwa isanathe miyezi 12 chimwalirireni munthu. Pitani ku ofesi ya zantchito ya boma lanu ndi mapepala aja, umboni wa ukwati, wa ana ndi wa malipiro a malemu. Mukafunse ngati kampaniyo inapereka lipoti la ngoziyi monga lamulo lifunira. Akayamba kuzengereza kapena kukuopsezani ndi kapepala ka alamu anu, a Legal Aid Bureau alipo kuthandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya.