Kabati ya pa Chithunzi

Pa Dedza boma panali kalipentala wina waluso, wokhoma mipando ndi makabati a matabwa a paini a m'nkhalango ya Chongoni. Ntchito yake inali yolimba, koma ogula ankachepa. Tsiku lina mwana wa mlongo wake anati: "Atsibweni, kujambula katundu n'kwachikale. Foniyi imapanga yokha chithunzi, mungoiuza chimene mukufuna."

Posakhalitsa kabati inaoneka pafoni: yofiirira ngati mbawa, yonyezimira, yopanda mfundo ndi imodzi yomwe, itaima m'chipinda cha matailosi. Anaiika pa Facebook. Mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe anaikonda, natumiza theka la ndalama pa Mpamba.

Kalipentala anakhoma ndi mtima wonse, nakweza kabatiyo pa lole mumsewu wa M1. Itafika, mayi uja anangoti kukamwa yasa. Inali yotuwa, ya mfundo zake zapaini. "Bambo, si iyi ndinagula ine," anatero. Ndalama zinabwezedwa, yatransipoti inalowa m'madzi, ndipo chithunzi cha pa Facebook ndi cha kabati yeniyeniyo zinazungulira m'magulu a WhatsApp. Anthu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chomvetsa chisoni n'chakuti kabatiyo inalibe vuto. Chinanama ndi chithunzi.

Mnyamata uja ankatengera makampani akuluakulu. Kampani ya mipando ya ku Sweden, IKEA, inayamba ndi chithunzi cha mpando umodzi chopangidwa pakompyuta m'buku lake la katundu la 2006, ndipo pofika 2014 zithunzi zitatu mwa zinayi zilizonse za katundu wake zinali zotero. Koma kumeneko mpando umalembedwa pakompyuta ndi miyeso yake yonse, kenako makina amatulutsa zikwizikwi zofanana ndendende. Mmisiri wa manja sangatero. Thabwa lililonse lili ndi mizere yake, ndipo ngakhale makapu a ku Dedza Pottery, imene inayamba mu 1987, amakondedwa chifukwa dzanja la munthu limaonekamo.

Wogula ali kutali sakhudza katundu. Amakhulupirira chithunzi chanu monga mawu anu. Choncho inu ogulitsa, tulutsani kabatiyo panja m'mawa, muijambule mbali zonse, mfundo zake zioneke. Inu ogula, musanatumize ndalama pemphani vidiyo, mwini wake akutsegula zitseko ndi kukoka madirowa. Wokana kutero ali ndi chimene akubisa.